Shostakovich: pakamwa padavomera, nyimbo zidakana

Pa 9 Ogasiti 2025 padakwana zaka 50 chimwalirireni munthu wina wa ku Russia dzina lake Dmitri Shostakovich. Ndikudziwa kuti kwa ambiri mwa inu owerenga dzinali ndi lachilendo, mwinanso ena mwaluma kale lilime poyesa kulitchula. Musadandaule, nanenso lidandivuta. Mkuluyu adali wopeka nyimbo, osati zovina m'mabala kapena za kwaya ya kutchalitchi, koma zija zimaimbidwa ndi chikhamu cha anthu pafupifupi 100 atakhala pamipando, ena ndi mavayolini, ena malipenga, ena zitoliro, ena ng'oma, kutsogolo kwawo kutaima munthu mmodzi wogwedeza kandodo. Nyimbo yaitali ya mtunduwu, yomwe imatha kutenga ola lathunthu ndipo kawirikawiri imakhala yopanda mawu, amaitcha symphony. Shostakovich adapeka 15 zotere.

Ine ndidayamba kumva nyimbo zake pa kaseti yomwe mnzanga wina adabwera nayo kuchokera kunja komwe adakaphunzira. Kunena zoona, tsiku loyamba ndidangoti ili ndi phokoso la azungu basi. Koma nditamva mbiri ya mwini wake ndidaibwezanso kasetiyo, ndipo kuchokera pamenepo pali funso lomwe landikhala pamtima. Kodi munthu amene wavomera bodza pofuna kupulumutsa khosi lake ndi la ana ake tizimutcha ndani? Wamantha? Wogulitsa anzake? Kapena munthu chabe monga ine ndi inu? Ndati lero ndikusimbireni za moyo wake kuti mlanduwu tiweruzire limodzi.

Shostakovich adabadwa pa 25 Seputembala 1906 mumzinda wa St Petersburg, womwe pambuyo pake udasinthidwa dzina kukhala Petrograd, kenaka Leningrad, mpaka mu 1991 pomwe udabwerera ku dzina lake lakale. Bambo ake ankagwira ntchito ku ofesi ya boma yoona za miyezo ndi masikelo, pamene mayi ake adali odziwa kuimba piyano. Ndi mayi akewo amene adamukhazika pa piyano ali ndi zaka pafupifupi 9, ndipo sadachedwe kuona kuti mwanayu akangomva nyimbo kamodzi, basi yalowa m'mutu. Mu 1917 ufumu wa ku Russia udagwa ndipo chipani cha Lenin chidalanda boma, chiyambi cha dziko lomwe lidadzatchedwa Soviet Union. Mu 1919, ali ndi zaka 13, mnyamatayu adalandiridwa kusukulu yaukachenjede ya nyimbo ya mumzindawo. Kudali nkhondo yapachiweniweni, njala ndi chisanu chosaneneka, moti ophunzira ankakhala m'kalasi atavala majasi. Mkulu wa sukuluyo, Alexander Glazunov, adachita kumupemphera kuboma kuti azilandira chakudya choonjezera.

Bambo ake atamwalira mu 1922, umphawi udalowa m'nyumba, ndipo chaka chotsatira iye adadwala TB. Pofuna kuthandiza mayi ake ndi alongo ake awiri, adayamba ganyu yoimba piyano m'nyumba zoonetsera kanema. Masiku amenewo kanema adalibe mawu, tsono pankafunika munthu wokhala mumdima pansi pa chinsalu, woti akaona anthu akuthamangitsana azifulumiza zala, akaona maliro azidekha. Ntchitoyi ankaida, koma ndikhulupirira kuti idamuphunzitsa kusimba nkhani osatsegula pakamwa, luso lomwe lidadzamuthandiza mtsogolo. Symphony yake yoyamba adailemba ngati ntchito yotsiriza ya kusukulu, ndipo idaimbidwa ku Leningrad pa 12 Meyi 1926 iye ali ndi zaka 19 zokha. Pasanathe zaka zitatu idali itaimbidwa kale ku Berlin ndi ku Philadelphia. Maiko adadziwa kuti ku Russia kwabadwa katswiri.

Koma paja akuluakulu adati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Mu Januwale 1934 Shostakovich adatulutsa sewero loimba, lomwe amati opera, lotchedwa Lady Macbeth of the Mtsensk District. Ndi nkhani ya mayi wina, Katerina, wokwatiwa kubanja la amalonda komwe kudalibe chikondi koma nkhanza zokhazokha. Mayiyu adapeza chibwenzi, adathira mankhwala a makoswe m'bowa wa apongozi ake aamuna, kenaka iye ndi chibwenzicho adapha mwamuna wake, ndipo mapeto ake adadziponya m'madzi ali paulendo wa kundende ya ku Siberia. Anthu adalikonda seweroli koopsa. M'zaka ziwiri lidaonetsedwa pafupifupi ka 200 ku Leningrad ndi ku Moscow, lidafika ndi kumaiko akunja komwe, ndipo nyuzipepala za boma zinkaliyamikira.

Tsono pa 26 Januwale 1936 mtsogoleri wa Soviet Union, Joseph Stalin, adapita kukadzionera seweroli ku Moscow ali ndi nduna zake. Adatuluka lisanathe. Patapita masiku awiri nyuzipepala ya chipani, Pravda, idatulutsa ndemanga yopanda dzina la wolemba, yomwe idati m'seweromo mulibe nyimbo koma chisokonezo chokondweretsa mabwana a kunja, ndipo idachenjeza kuti masewera oterewa angathe kuthera poipa. Aliyense adadziwa kuti ndemanga yopanda dzina mu Pravda ndi mawu ochokera kumpando. Shostakovich adaiwerenga ali kutali ku Arkhangelsk komwe adapita kukaimba. Sabata yotsatira Pravda idamuswanso chifukwa cha nyimbo zomwe adapekera gule wina. Anthu omwe dzulo lake ankamuyamikira adayamba kulemba kuti adalakwitsa, maso awo tsopano atseguka. Apo n'kuti iye ali ndi zaka 29, mkazi wake Nina ali woyembekezera.

Musaiwale kuti iyi idali nthawi yomwe Stalin adayamba kusesa aliyense yemwe ankamukayikira. Zolembedwa za boma lomwelo, zomwe zidatsegulidwa Soviet Union itagwa, zimaonetsa kuti mu 1937 ndi 1938 mokha anthu oposa 680,000 adaweruzidwa kuti aomberedwe ndi mfuti. Imfa idamuzungulira Shostakovich ngati moto wolusa. Mkulu wa asilikali Mikhail Tukhachevsky, yemwe adali bwenzi lake ndiponso womuteteza, adaphedwa mu Juni 1937. Adrian Piotrovsky, yemwe adalemba nawo nkhani ya gule uja, adaphedwa chaka chomwecho. Mlamu wake Vsevolod Frederiks, katswiri wa sayansi, adamangidwa. Mlongo wake Maria adapirikitsidwira ku Central Asia, ndipo apongozi ake aakazi adatumizidwa kundende. Omwe ankamudziwa amasimba kuti ankakhala ndi kasutikesi kolongedzeratu, kudikira kugogoda kwa pakati pausiku, kuti apolisi achinsinsi akabwera angonyamuka osadzutsa mwana.

Mkati mwa mantha amenewa adamaliza symphony yachinayi, yaitali, yaukali, yothera mwakachetechete ngati munthu amene mpweya ukumuthera. Oimba adali atayamba kale kuikonzekera pamene mu Disembala 1936 idachotsedwa, ndipo idakhala m'kabati zaka 25 mpaka mu 1961. M'malo mwake adalemba yachisanu, yomwe idaimbidwa ku Leningrad pa 21 Novembala 1937 motsogozedwa ndi Yevgeny Mravinsky. Tsikulo aliyense adadziwa kuti moyo wa munthu uli pasikelo. Itafika pa gawo lachitatu, lodekha ngati nyimbo ya pasiwa, anthu m'holomo adayamba kulira poyera. Ambiri mwa iwo adali atalandidwa abale awo, koma kulira munthu amene boma lamutcha mdani udali mlandu, tsono misozi yosungidwa ija idapeza potulukira. Gawo lotsiriza ndi la malipenga ndi ng'oma, ngati chikondwerero cha opambana. Anthu adaomba m'manja kwa nthawi yoposa theka la ola. Akuluakulu a chipani adamva malipenga aja nati mnyamata walapa, ndipo adamusiya ndi moyo.

Mpaka lero akatswiri amakangana za mathero a nyimbo imeneyi. Ena amamvamo chimwemwe chenicheni. Ena amamvamo chimwemwe cha munthu wovina pamsonkhano womwe sadafune kupitako, popeza zoimbira za zingwe zimangobwereza liwu limodzi lomwelomwelo kambirimbiri mpaka khutu kutopa. Ine ndikamamvetsera ndimakumbukira nyimbo za pamtondo. Mayi amaimba musi uli m'manja, wodutsa panjira n'kumati akungopepusa ntchito, chonsecho apongozi ovuta kapena mwamuna woledzera akulasidwa m'nyimbomo, ndipo amayi anzake akumva bwinobwino. Ukamufunsa akuti ndi nyimbo chabe. Nanga nyimbo yopanda mawu, wapolisi angaitengere bwanji kukhoti ngati umboni?

Kenaka kudabwera nkhondo. Pa 22 Juni 1941 asilikali a Hitler adalowa mu Soviet Union, ndipo pofika Seputembala adali atazinga Leningrad. Mzindawo udakhala wozingidwa masiku 872. Zinthu zitafika poipa, ana ndi anthu osagwira ntchito m'mafakitale ankalandira buledi wolemera magalamu 125 patsiku, kachidutswa kokwana m'chikhatho, ndipo anthu oposa theka la miliyoni adafa ndi njala. Shostakovich adadzipereka kuti akamenye nawo nkhondo koma adamukana chifukwa cha maso, choncho adakhala mmodzi wa alonda ozimitsa moto padenga la sukulu yake ija. Uku akulondera, uku akulemba symphony ya nambala 7. Mu Okutobala boma lidamusamutsa ndi banja lake, ndipo adakaimalizira ku Kuibyshev komwe idaimbidwa koyamba pa 5 Malichi 1942. Mapepala ake adawajambula pa kafilimu kakang'ono komwe kadadzera ku Tehran ndi ku Cairo, ndipo nyimboyo idamveka ku London ndi ku New York. Mu Julayi 1942 nkhope yake, atavala chipewa cha ozimitsa moto, idali pachikuto cha magazini ya Time.

Koma tsiku lomwe ine limandigwira mtima ndi la 9 Ogasiti 1942, pamene nyimboyi idaimbidwa mkati mwa Leningrad momwemo, adani ali pakhomo. Gulu la oimba la pawailesi lidali litatha ndi njala, otsala okhoza kunyamula choimbira adali ngati 15 okha. Wowatsogolera, Karl Eliasberg, naye adali mafupa okhaokha. Adachita kusaka oimba mumzinda monse ndi pakati pa asilikali, n'kuwapatsa chakudya choonjezera kuti apeze mphamvu zouzira malipenga. Tsikulo asilikali oteteza mzinda adayamba aphulitsa mizinga kumalo a Ajeremani kuti akhale chete, kenaka nyimbo idaulutsidwa pawailesi ndi pa zimkuzamawu, zina zitalozetsedwa kwa adaniwo. Taganizani abale, anthu anjala, masuti akuwakhwepa, kukhala pansi kwa nthawi yoposa ola akuimba, holo itadzaza ndi anjala anzawo. Anthu omwe ankayembekezeka kufa ngati nkhuku za chitopa adaonetsa kuti akadali anthu.

Mwina mukuganiza kuti munthu wotere boma lidamusiya apume. Ayi ndithu. Nkhondo itatha mu 1945 akuluakulu ankayembekeza kuti symphony ya nambala 9 ikhala yaikulu, yamakwaya, yotamanda kupambana kwa mtsogoleri. Iye adatulutsa kanyimbo kafupi, kanthabwala, kosakwana theka la ola. Adamusungira kampeni kumphasa. Mu Febuluwale 1948 chipani, motsogozedwa ndi Andrei Zhdanov, chidagamula kuti Shostakovich, Sergei Prokofiev, Aram Khachaturian ndi ena akupeka nyimbo zodana ndi anthu wamba. Nyimbo zake zambiri zidaletsedwa, ntchito ya uphunzitsi ku Moscow ndi ku Leningrad idamuthera, ndipo adaimirira pamsonkhano wa opeka nyimbo anzake n'kuvomereza kuti adalakwa, n'kuthokoza chipani pomudzudzula. Munthu wamkulu, wodziwika dziko lonse lapansi, kupepesa chifukwa cha nyimbo. Eti!

Kuyambira pamenepo adakhala ngati mlimi wa minda iwiri, wina wa m'mbali mwa msewu woonetsa bwana, wina wa kuseri kwa phiri. M'munda wa pamsewu mudatuluka nyimbo za mafilimu otamanda Stalin, komanso Song of the Forests ya mu 1949, yoyamika ntchito yodzala mitengo ya mtsogoleriyo, yomwe idamupezetsa mphotho ya Stalin. M'munda wakuseri mudatuluka nyimbo yaitali ya vayolini, yomwe adapekera David Oistrakh, ndi nyimbo zina zochokera m'ndakatulo za Ayuda. Izi adazimaliza mu 1948, chaka chomwe boma lidapha Solomon Mikhoels, mkulu wa zisudzo zachiyuda, n'kuyamba kusaka Ayuda ophunzira. Zonsezi zidakhala m'kabati mpaka mu 1955. Chomwe chinkamupepusa mtima chidali mpira. Adali wochemerera wamkulu wa timu ya Zenit ya ku Leningrad ndipo ankalemba zigoli m'kabuku. Ndimaganiza kuti kubwalo la mpira n'kumene ankatha kukuwa osayamba wayang'ana kumbuyo.

Chamanyazi kwambiri chidachitika mu Malichi 1949. Stalin mwini adamuimbira telefoni kumuuza kuti apite ku New York kumsonkhano wa zamtendere ngati nthumwi ya dziko lake. Kumeneko zoyankhula zomwe adachita kumulembera zidanyoza Igor Stravinsky, wopeka nyimbo wa ku Russia yemwe ankakhala ku America, munthu amene Shostakovich ankalemekeza luso lake. Wopeka nyimbo wina wothawa ku Russia, Nicolas Nabokov, adaimirira pagulu n'kumufunsa ngati iye payekha akugwirizana ndi momwe Pravda idanyozera Stravinsky ndi anzake. Shostakovich adavomera. Nabokov ankafuna kuonetsa dziko kuti munthuyu alibe ufulu, ndipo adaonetsadi. Koma msonkhano utatha Nabokov adatsala kunja kwa Soviet Union, pamene mnzakeyo adakwera ndege kubwerera ku Moscow komwe kudali mkazi wake ndi ana awiri, Galina ndi Maxim. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Komatu munthu yemweyu, wamantha yemweyu, adachita zomwe ambiri olimba pakamwa sadachite. Mu Febuluwale 1953 mnzake Mieczysław Weinberg, Myuda komanso mkamwini wa Mikhoels uja, atamangidwa, Shostakovich adalembera kalata Lavrenti Beria, munthu woopedwa kwambiri pambuyo pa Stalin, kumuikira mnzakeyo kumbuyo. Masiku amenewo kalata yotere idali ngati kudzikumbira manda. Mwayi wake Stalin adamwalira pa 5 Malichi 1953, tsiku limodzi ndi Prokofiev, ndipo Weinberg adatulutsidwa. Mu Disembala chaka chomwecho Shostakovich adatulutsa symphony ya nambala 10, momwe adasayinamo dzina lake ndi nyimbo. Ajeremani amatchula maliwu a nyimbo ndi zilembo, tsono iye adatenga maliwu anayi a D, S, C ndi H, omwe ndi chiyambi cha maina ake m'kalembedwe ka Chijeremani. Chakumapeto kwa nyimboyo maliwu anayiwa amabwera mobwerezabwereza, mwamphamvu, ngati munthu wogogoda pachitseko kudziwitsa a m'nyumba kuti akadali moyo.

Tikadakonda nkhaniyi ikadathera pamenepa, koma moyo si nthano. Mu 1960, Stalin atafa kale zaka 7, nthawi ya Nikita Khrushchev pamene anthu sankaomberedwanso chisawawa, Shostakovich adalowa chipani, chinthu chomwe adachizemba zaka zonse zoopsa zija. Akuluakulu ankafuna kuti akhale mkulu wa bungwe la opeka nyimbo la Russia, ndipo adamupanikiza mpaka adagonja. Mkazi wake Nina adali atamwalira mu 1954. Mnzake wapamtima Isaak Glikman adasimba kuti adamuona akulira ngati mwana chifukwa cha nkhaniyi. Mu Julayi chaka chomwecho, ali pafupi ndi mzinda wa Dresden ku East Germany, adalemba m'masiku atatu okha nyimbo ya anthu anayi oimba zoimbira za zingwe, yomwe amati quartet, ya nambala 8. Poyera idaperekedwa ngati yokumbukira ophedwa ndi nkhondo ndi ulamuliro wonga wa Hitler. Koma m'kalata kwa Glikman adaulula kuti ndi nyimbo yokumbukira iye mwini, poti sankakhulupirira kuti akadzafa wina adzamupekera. Maliwu anayi a dzina lake aja ali ponseponse m'menemo.

Patangopita zaka ziwiri adachitanso chinthu cholimba mtima. Ku Babi Yar, chigwembe cha ku Kyiv m'dziko la Ukraine, Ajeremani adapha Ayuda 33,771 m'masiku awiri mu Seputembala 1941. Boma la Soviet silinkafuna kuti zizitchulidwa kuti ophedwawo adali Ayuda, ndipo pamalopo padalibe ngakhale chipilala. Mlakatuli wachinyamata Yevgeny Yevtushenko adalemba ndakatulo yodzudzula zimenezi, Shostakovich n'kuiika mu symphony yake ya nambala 13. Apa tsono padalibe pobisala, mawu adali poyera. Akuluakulu adayesetsa kuilepheretsa. Mravinsky, mnzake wa zaka 25, adakana kuitsogolera, ndipo oimba mawu a besi omwe adasankhidwa adazemba mmodzimmodzi. Koma Kirill Kondrashin adalimba mtima, moti idaimbidwa ku Moscow pa 18 Disembala 1962. Pambuyo pake boma lidakakamiza kuti mizere ina isinthidwe, ndipo nyimboyo inkangoimbidwa mwa apo ndi apo.

Ndiye mu 1973 dzina la munthu yemweyo lidapezeka pa kalata ya mu Pravda yodzudzula Andrei Sakharov, wasayansi amene ankamenyera ufulu wa anthu. Apa ambiri omukonda adagwa mphwayi, ndipo mlembi Lydia Chukovskaya adamudzudzula poyera. Nthawi imeneyo adali wodwaladwala. Dzanja lamanja lidafooka mpaka adaleka kuimba piyano pagulu, mtima udamugwetsa kawiri, mu 1966 ndi mu 1971, kenaka kudabwera khansa ya m'mapapo. Ankamusamala ndi mkazi wake Irina yemwe adamukwatira mu 1962. Quartet yake yotsiriza, ya nambala 15, ili ndi magawo 6 ndipo onse ndi odekha, palibe ndi limodzi lomwe lofulumira. Adamwalira ku Moscow pa 9 Ogasiti 1975, patangotha zaka 33 zenizeni kuchokera tsiku lomwe anjala a ku Leningrad adaimba nyimbo yake. Boma lidamuika m'manda mwaulemu ku Novodevichy likumutcha mwana wokhulupirika wa chipani.

Mu 1979 ku America kudatuluka buku lotchedwa Testimony, lomwe Solomon Volkov adati ndi mawu omwe Shostakovich adamuuza asanamwalire, loonetsa munthu wodana ndi boma mumtima kuyambira kale. Koma wofufuza wina, Laurel Fay, adaonetsa kuti masamba omwe Shostakovich adasayina m'bukumo ali ndi mawu otengedwa m'nkhani zake zomwe zidasindikizidwa kalekale, ndipo mkangano wa bukuli sudathebe. Paja kandimverere adakanena za m'maluwa. Ine sindikufuna bukulo kuti ndiweruze. Zomwe munthuyu adachita masana, pamaso pa anthu, n'zokwanira.

Tsono tibwerere ku funso langa lija. Ena amafuna kumusambitsa kuti akhale ngwazi yomenyana ndi boma mobisa. Ena amamutaya kudzala kuti adali kapolo wa chipani. Ine onse awiri ndikuwakana. Dzina lake pa kalata yodzudzula Sakharov lidapweteka munthu weniweni, ndipo luso ngakhale likule bwanji silifafaniza zimenezo. Anthu ena m'dziko lomwelo adakana kugwada ndipo adalipira. Mnzake Mstislav Rostropovich, woimba cello, adasunga mlembi Aleksandr Solzhenitsyn kunyumba kwake boma likumusaka, mpaka iye mwini adachoka m'dzikomo mu 1974. Kuiwala anthu oterewa pofuna kukometsa Shostakovich n'kuwalakwira.

Komabe ife amene tidakula nthawi ya chipani chimodzi kuno kwathu, isanafike referendamu ya pa 14 Juni 1993, tisafulumire kutola mwala. Sindikunena kuti Malawi adali Soviet Union, kukula kwa zoopsazo n'kosiyana kutalitali. Koma fungo la mantha ndi limodzi. Tidali ndi bungwe loletsa mabuku, nyimbo ndi mafilimu kuyambira mu 1968. Mlakatuli Jack Mapanje adakhala ku Mikuyu kuyambira mu 1987 mpaka mu 1991 osazengedwa mlandu. Nanga enafe tinkatani? Ine amene ndikulemba pano khadi la chipani ndidagula, pamsonkhano m'manja ndidaomba, dzina la womangidwa ndidaleka kulitchula. Ndidali ndi zifukwa zanga, monganso Shostakovich adali ndi zake. Kusiyana kwake n'kwakuti ine munda wa kuseri kwa phiri ndidalibe. Palibe chomwe ndidasunga m'kabati choti adzukulu anga adzamvere momwe mantha aja ankamvekera. Iye adasunga. Pakamwa pake padanama kambiri, koma munthu ukamvetsera symphony yachinayi kapena quartet ya nambala 8 umamva kugogoda kwa usiku kuja, ndipo palibe ndemanga ya Pravda yomwe idatha kufufuta zimenezo.

Choncho ine chigamulo changa ndi ichi. Shostakovich adali munthu wamantha amene kangapo konse adalimba mtima, ndipo kangapo konse adagwa. Mlandu wake ulipo, koma mlandu waukulu uli kwa iwo amene adapanga dziko loti munthu asankhe pakati pa ana ake ndi chilungamo chifukwa cha nyimbo. Boma lililonse, ngakhale losankhidwa ndi mavoti, likayamba kuuza woimba choti aimbe, kapena kumugula ndi mphotho kuti atamande, tizidziwa kuti njira imeneyo ena adayendamo kale ndipo tikudziwa komwe idakathera. Soviet Union idagwa mu 1991, Zhdanov akukumbukiridwa ndi olemba mbiri okha, koma nyimbo zomwe adaletsa zikuimbidwabe m'maiko ambiri.

Inu achinyamata amene muli ndi intaneti m'manja, tsiku lina madzulo fufuzani symphony yachisanu ya Shostakovich, mupite pa gawo lachitatu. Mulibe mawu, mulibe ng'oma yovinira, ndi mphindi ngati 15 basi. Pomvetserapo mukumbukire anthu a m'holo ya ku Leningrad aja, omwe abale awo adatengedwa usiku, osaloledwa ngakhale kukhala pasiwa. Mukatha mukafunse agogo anu kuti iwo masiku a mantha ankaimba chiyani.